Reed valve, disiki kapena pistoni yokha: chimene chimathandizadi injini pa marevu otsika

Pa galaja ya mdala wina ku Kalingalinga, kumene ndimakonda kukacheza Loweruka, panabwera anyamata awiri m'mwezi umodzi ndi funso looneka ngati limodzi. Woyamba anali ndi Yamaha DT175 yakale imene anagula kwa amalume ake, ndipo ankafuna kuikamo ma reed a carbon poti anaona pa Facebook kuti amawonjezera pawa. Wachiwiri ali ndi Boxer yoperekera katundu wa maoda m'tauni. Iyeyu anamva kuti munthu atha kulowetsa reed valve, kachitseko kolola mpweya kudutsa mbali imodzi yokha, pakati pa kabureta ndi injini kuti njinga izikoka bwino ikamayenda pang'onopang'ono, n'kumamwanso mafuta ochepa. Woyambayo mdala anamuuza kuti, "Ibweretse tiione, mwanawe." Wachiwiriyo anamuuza kuti ndalamazo akagulire tcheni ndi sipuloketi. Onse anawayankha zoona, ndipo chifukwa chake n'chimene ndikufuna kufotokoza, poti kagawo kameneka kamachita zodabwitsa pa injini ina koma pa ina n'kungotaya ndalama.

Kayendedwe ka mu Lusaka muno ndi ka marevu otsika, kutanthauza injini yozungulira pang'onopang'ono. M'mawa pa Great East Road mumayenda mamita makumi angapo n'kuima, pa Lumumba Road mumadzipanikiza pakati pa mathiraki, ndipo mukalowa mu Kanyama kapena Chawama nthawi ya mvula, giya yachitatu mumangoimva mbiri. Pamwamba pa zimenezo mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi maperesenti opitirira 10 poyerekeza ndi wa ku Dar es Salaam kapena ku Beira, kotero injini iliyonse yopanda turbo imafika kuno italandidwa kale gawo la mphamvu zake. Kampweya kochepa kamene yakoka, sibwino ikatayenso.

Vuto lake: injini imalavula

Mu injini ya two-stroke, monga ya DT ija, pistoni ikamakwera imasiya malo opanda kanthu m'chipinda cha kiranki, ndipo msakanizo wa mpweya, petulo ndi oyilo umayamwidwa kuchokera ku kabureta kulowa m'chipindamo. Pistoni ikamatsika imaupanikiza, n'kuukankhira m'tinjira ta m'mbali topita pamwamba pa silinda. Funso lonse lagona apa: ndani amatseka khomo lolowera pistoni ikayamba kutsika? Likachedwa kutsekeka, msakanizo wina umabwerera kumene wachokera.

Pa marevu okwera zimenezi sizivuta. Mpweya umakhala ukuthamanga kwambiri m'paipi, ndipo monga khamu la anthu likukankhana polowa m'basi pa City Market, akumbuyo amapitiriza kukankha ngakhale kondakitala wayamba kutseka chitseko. Pa marevu otsika khamulo palibe. Pistoni ikangotembenuka, msakanizo umabwerera, umadutsanso pa jeti, kabowo kothira petulo mu kabureta, n'kutenganso petulo wina, kenako umayamwidwanso n'kutenga wachitatu. Kabureta sidziwa kumene mpweya ukulowera, imangothira. Zotsatira zake mumazidziwa: pulagi yakuda bii, injini yotsamwa mukaipatsa moto mwadzidzidzi, siponji ya sefa yonyowa petulo, ndi utsi wambiri pa silo, pamene injini ikungolira njinga itaima.

Njira zothetsera vutoli pa two-stroke zilipo zitatu zikuluzikulu.

Pistoni yokha

Iyi ndi njira ya makolo. Khomo lolowera lili pakhoma la silinda, ndipo siketi ya pistoni ndiyo imalitsegula n'kulitseka. Palibe china choyenda, palibe chothyoka, palibe chogula. Macheniso ambiri a Stihl ndi Husqvarna ndi otero mpaka lero, chimodzimodzi makina ambiri otchetchera udzu onyamula paphewa, ndipo n'zomveka: tcheniso imagwira ntchito ikulira pamwamba, sikhala pa jamu.

Chilema chake n'chakuti pistoni imadutsa pamalo omwewo pokwera ndi potsika. Khomo likatseguka madigiri 75 pistoni isanafike pamwamba penipeni, lidzatsekekanso madigiri 75 itadutsa pamwambapo, osati kwina. Mukafuna litseguke msanga kuti injini ipume bwino pa marevu okwera, mwavomerezanso kuti lizichedwa kutseka, ndipo pa marevu otsika izilavula kwambiri. Ndaonapo anyamata akudula siketi ya pistoni ndi fayilo kuti njinga izithamanga. Imathamangadi pa msewu wa ku Chongwe, koma ponyamuka pa maloboti imakhala ngati yadwala malungo.

Disiki yozungulira

Apa pamakhala chimbale chopyapyala chomangidwa kumapeto kwa kiranki, chodulidwa mbali imodzi. Chikamazungulira, podulidwapo pamatsegula khomo, pena ponse pamatseka. Ubwino wake ndi wakuti wopanga amasankha yekha nthawi yotsegula ndi yotseka mosadalirana: likhoza kutseguka msanga kwambiri n'kutsekanso msanga. Ndipo likatseguka, njira imakhala yoyera, palibe chotchinga mpweya.

Amene anaitchukitsa pa mipikisano ndi Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany. Woyendetsa wake, Ernst Degner, anathawa m'dzikomo mu 1961 n'kulowa ku Suzuki, ndipo chaka chotsatira, 1962, anapambana ukatswiri wa dziko lonse wa njinga za 50cc. Ku mipikisano disiki inakhalitsa: Aprilia inkapambana nayo m'gulu la 250cc mpaka zaka zomaliza za gululo, limene linatha mu 2009. Pa njinga za tsiku ndi tsiku inali pa Suzuki A100 ndi Kawasaki KE100, zimene achikulire ena akuzikumbukabe.

Komabe disiki ndi wotchi, siimva. Nthawi imene anaidulira ndi yomweyo pa marevu 1,500 ndi pa 8,000. Kabureta imakhalanso m'mbali mwa injini, kuseri kwa kava, ndipo injini imakula m'lifupi. Kwa ife nkhani yaikulu ndi masipeya. Njinga yotero ikakuferani disiki kapena siilo yake, mudzazungulira mashopu a m'tauni mpaka nsapato kutha. Injini imene sinabadwe ndi disiki simungaiikenso popanda kusintha chipinda chonse cha kiranki, choncho njira imeneyi ndi ya amene ali nayo kale basi.

Reed valve

Mukamasula mabawuti anayi ogwira paipi ya labala kumbuyo kwa silinda ya DT125, DT175 kapena AG100 ija ya alangizi a zaulimi, mumatulutsa kabokosi kooneka ngati denga la nyumba. Mbali zake zonse ziwiri kuli timawindo, ndipo pa windo lililonse pagona kalilime kopyapyala komangidwa mbali imodzi, ngati mano a kalimba. Pamwamba pa timalilimeto pali kachitsulo kopindika koletsa kuti tisatseguke mopitirira. Zonse ndi zimenezo. Palibe giya, palibe tcheni, palibe waya.

Injini ikayamwa, timalilime timadzuka, msakanizo umalowa. Ikangoyamba kukankha, timagona n'kutseka. N'chimodzimodzi vavu ya pansi pa mjigo imene imalola madzi kukwera koma osabwerera m'chitsime. Apa ndiye pali kusiyana kwake ndi njira ziwiri zija: pistoni ndi disiki zimatsatira malo amene kiranki yafika, pamene reed imatsatira mphamvu ya mpweya weniweniwo. Pa silo imatseguka pang'ono kwa kanthawi kochepa. Pa marevu okwera imatseguka kwambiri n'kukhalitsa. Imadzisinthira yokha nthawi popanda woiuza.

Ma injini a maboti anali nayo kalekale, koma pa njinga zamoto inafala pamene Yamaha inaika pa njinga zake za m'tchire kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, n'kuitcha Torque Induction. Dzinalo mudzalionabe pa makava a njinga zina zakale. Posakhalitsa opanga ena onse a ku Japan anatsatira. Poti kulavula kunatha, anatha kukulitsa khomo lolowera, kuboola mawindo pa siketi ya pistoni, ndi kuwonjezera kanjira kena kakumbuyo kothira msakanizo m'silinda, zinthu zimene pa injini ya pistoni yokha zikanapha marevu otsika. Pambuyo pake ena anasamutsa kabokosiko kuchoka pa silinda n'kukaika pa chipinda cha kiranki penipeni, monga zilili pa njinga zambiri za mpikisano wa m'matope.

Mtengo wake ulipo. Timalilime ndi chotchinga, mpweya uyenera kutikankha kuti udutse, ndipo pamwamba penipeni pa marevu injini ya disiki yokonzedwa bwino imapuma momasuka kuposa ya reed. Timalilimeto timathanso ntchito, chifukwa pa marevu 6,000 kalilime kamatseguka n'kumenya pansi ka 100 pa sekondi iliyonse. Koma ndani wa ife amakhala pamwamba pa marevu popita ku Soweto Market? Pa kayendedwe ka m'tauni ndi m'minda, pa zitatuzi ine ndimasankha reed mosaganizira kawiri.

Pali chimodzi chimene ogulitsa sanena. Reed imatseka khomo lolowera lokha. Two-stroke imatayanso mafuta ku khomo lotulukira, poti nthawi imene msakanizo watsopano ukulowa m'silinda, bowo la ekizozi limakhala lili chitsegukire ndipo wina umangodutsa osapsa. Reed singaletse zimenezo. Ndiye DT yanu, ngakhale muiike timalilime tabwino chotani, pa kamwedwe ka mafuta sidzafanana ndi Boxer kapena TVS. Chimene mudzapeza ndi kulira msanga pokika, silo yokhazikika, kukoka kosatsamwa, ndi kuchepa kwa petulo wotayikira mu sefa.

Timalilime ta chitsulo, ta faiba kapena ta carbon

Apa ndi pamene mnyamata wa DT uja anali, ndipo ndi pamene anthu ambiri amasochera.

Choyamba kumvetsa ndi makulidwe. Kuuma kwa kalilime sikukwera mofanana ndi kunenepa kwake: mukakanenepetsa kawiri, kamauma kasanu n'katatu. Choncho kusiyana kumene diso silingaone, kachigawo kochepa ka milimita, injini imakumva. Kalilime kofewa kamadzuka ndi kampweya kochepa, ndiye n'kabwino pa marevu otsika, koma marevu akakwera kamayamba kunjenjemera osagona bwino, pawa n'kuthera pomwepo. Kouma kamatseka msanga ndi mwamphamvu pa marevu okwera, koma pansi kamakanika kudzuka ndipo njinga imakhala yaulesi ponyamuka. Palibe kalilime kabwino ponseponse. Funso ndi lakuti inu mumayenda pati.

Ta chitsulo chosachita dzimbiri ndi timene njinga zambiri zakale zinabwera nato. Timakhalitsa zaka, sitisamala kutentha, ndipo pa injini yosasinthidwa timagwira ntchito bwinobwino. Kuopsa kwake ndi tsiku limene kamodzi kadzathyoke. Kachidutswa kachitsulo kakalowa m'chipinda cha kiranki kamakanda silinda, kuswa maring'i, nthawi zina kuwononga mabering'i, ndipo ka sipeya kotchipa kamakugwetserani injini yonse. Sizichitika kawirikawiri pa njinga yoyenda modekha, koma amene amapinda kachitsulo koletsa kaja kuti "ipume bwino" amadziitanira yekha tsokali. Kachitsuloko anakapinda mwa muyezo kuti kalilime kazipindika mofanana m'litali mwake monse. Mukakakweza, kalilime kamapindikira pamalo amodzi pafupi ndi masikuluwu, ndipo m'pomwe kamadukira. Musakagwire.

Ta faiba, tija tooneka ngati pulasitiki yoyererako kapena yobiriwirako, ndi tofewa ndipo timadzuka msanga. Timatha msanga kuposa ta chitsulo, timayamba kunyotsoka m'makona, koma kakathyoka injini imatafuna kachidutswako n'kukalavulira ku ekizozi, nthawi zambiri popanda choonongeka chachikulu. Kwa munthu woyenda m'tauni ndi m'makomboni, ameneyu ndiye mnzake.

Ta carbon ndi topepuka ndiponso touma. Timatseka mwachangu ndipo sitinjenjemera msanga, n'chifukwa chake anyamata a mpikisano wa m'matope amatikonda. Pa injini ya 175cc imene moyo wake wonse imathera pansi pa marevu 5,000, ubwino umenewu simuufikira, ndipo mukagula tonenepa mutha kupeza kuti njinga yayamba kufooka pamalo pomwe mumafuna ilimbe. Tilipo ta carbon topyapyala topangidwira marevu otsika, koma pa paketi yopanda dzina imene yafika ndi katundu wosakaniza simudziwa chimene mwagula. Osanyengeka ndi mtundu wakuda.

Njira yachinayi ndi timalilime tosanjikiza, timene kampani ya Boyesen ya ku America inatchuka nato: kakang'ono kofewa kamagona pamwamba pa kakakulu kouma kokhala ndi bowo. Pa marevu otsika kakang'onoko ndiko kamatseguka, marevu akakwera tonse tiwiri timadzuka limodzi. Nzeru yake ndi yabwino ndipo imagwiradi ntchito. Vuto ndi kutipeza tenitenito kuno, poti nthawi zambiri n'kuchita kuitanitsa kunja, ndiye mudzifunse ngati njingayo ikuyenera ndalama imeneyo.

Ena amadula okha timalilime pa pepala la faiba. Zimatheka ngati dzanja lanu n'lokhazikika, mwapeza pepala la makulidwe oyenera, ndipo mwasalaza m'mbali ndi sandipepa wosalala. Koma za chitini cha mafuta ophikira kapena pulasitiki ya chigubu, zimene ndinamvapo wina akudzitama nazo, n'zofikira nazo kunyumba usiku umodzi basi.

Musanagule chilichonse, yang'anani timene muli nato. Tulutsani kabokosiko, kaloze kudzuwa, muyang'ane kuchokera mkati. Kuwala kukamalowa kwambiri pakati pa kalilime ndi pogona pake, kapena makona akanyotsoka, kapena pakaoneka mng'alu pafupi ndi masikuluwu, tasinthani. Onaninso labala wa pogonapo ngati sanafufume kapena kusupuka. Kutembenuza kalilime kopindika kuti kagonenso ndi njira ya pangozi, sikakhalitsa. Pomanga, masikuluwu aja muwapake guluu wa mabawuti, chifukwa kamodzi kakamasuka kalowera komwe kukanalowera chidutswa chachitsulo. Gasiketi ikhale yatsopano. Mpweya wolowera pambali umachepetsa petulo ndi oyilo mu msakanizo, injini imatentha, pistoni n'kugwira.

Nanga botolo lija?

Mudzaona njinga zina zili ndi kabotolo kolumikizidwa ndi paipi pakati pa kabureta ndi reed. Yamaha inkakatcha YEIS, ndipo kanayamba kuoneka cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Reed ikatseka mwadzidzidzi, msakanizo umene unali m'njira umathawira m'kabotoloko m'malo mobwerera ku kabureta, n'kudzatuluka reed ikatsegukanso. Kamathandiza pang'ono mukamayenda ndi moto wochepa. Ngati njinga inabwera nako, kasiyeni ndipo muone kuti paipi yake sinang'ambike. Ngati sinabwere nako, musayembekeze zozizwitsa.

Tsopano za four-stroke

Mnyamata wa Boxer uja sanali wopusa ayi, ganizo lake lili ndi mutu. Injini ya four-stroke, monga ya Boxer, nayonso imalavula. Vavu yolowetsa mpweya sitsekeka pistoni ikafika pansi penipeni, imachedwa madigiri makumi angapo pistoni itayamba kale kukwera, kuti pa marevu okwera mpweya wothamanga uja upitirize kudzaza silinda. Pa marevu otsika kuchedwa komweko kumabweza msakanizo wina m'paipi. Ndiye munthu n'kuganiza kuti, bwanji tiike chitseko cholowera mbali imodzi kuseri kwa vavu? Akatswiri anayesapo, ndipo pa injini ya kamu (chitsulo chotsegula ndi kutseka mavavu) yolusa, yochedwa kwambiri kutseka, reed imakwezadi mphamvu yokoka pa marevu otsika.

Koma taonani zimene zimatsatira. Kamu ya Boxer, ya TVS, ya Honda CG125 kapena ya AG200 ndi yofatsa kale. Anaipangira kunyamula katundu, ndipo kulavula kwake n'kochepa, ndiye reed ilibe chambiri chobweza. Chotchinga chokha ndicho mudzachimva, pa marevu onse. Chachiwiri, pakati pa reed ndi vavu pamatsala mpata, ndipo msakanizo umabwererabe mumpatamo n'kupanikizika. Kuti ithandize iyenera kukhala pafupi kwambiri ndi vavu, pamene pali potentha ndiponso popanda malo. Chachitatu, four-stroke ikaphulitsira moto kumbuyo, motowo umafikira pa timalilime. Pa galimoto ya masilinda anayi mufunika mabokosi anayi, lililonse pa paipi yake, apo ayi masilinda azingobwezerana mpweya.

Ndipo pali mfundo imene imasokoneza ambiri: kukoka bwino ndi kumwa pang'ono si chinthu chimodzi. Reed pa four-stroke imathandiza mukatsegula moto wonse injini ili pa marevu otsika, monga pokwera chitunda ndi katundu. Pa jamu simutsegula moto wonse. Mumakhala mwatseka pafupifupi njira yonse ya mpweya, ndipo injini imataya mphamvu poyamwa movutikira, ngati munthu womwa maheu okhuthala ndi kapaipi kopyapyala. Kuwonjezera chotchinga china pamenepo sikungachepetse ludzu lake.

Umboni wake uli m'misewu yathu momwemu. Toyota Aqua ndi Prius yakale zili ndi injini ya 1NZ-FXE imene imachita dala zomwe reed imaletsa: imachedwetsa kwambiri kutseka vavu kuti msakanizo wina ubwerere m'paipi. Potero imapanikiza pang'ono koma mpweya wopsa umakankha pistoni ulendo wautali, ndipo njira ya mpweya imatha kukhala yotseguka kwambiri. Mphamvu imene yatayika pansi, mota ya magetsi imabwezera. Ndiye galimoto zimene zimamwa mafuta ochepa kwambiri m'tauni muno ndi zolavula mwadala. Mutaziika reed, mwapha nzeru yonseyo.

Opanga magalimoto anatenga njira zina. Yaikulu ndi kusuntha nthawi ya kamu yeniyeniyo. Alfa Romeo inayamba kugulitsa galimoto yotero mu 1980, Honda inabweretsa VTEC mu 1989, ndipo VVT-i ya Toyota inafika pakati pa zaka za m'ma 1990. Lero VVT-i ili mu injini ya 1NZ-FE ya Corolla, Allion, ist ndi Probox zimene zadzaza mu Cairo Road. Kompyuta imatsegula kavavu ka oyilo, oyiloyo amapotoza giya ya kamu, ndipo vavu imatseka msanga pamene pakufunika kukoka, n'kuchedwa pamene pakufunika liwiro. Imagwira ntchito ya reed popanda kuika kanthu m'njira ya mpweya. Chofooka chake ndi oyilo wakuda. Pali kasefa kakang'ono kotchinjiriza kavavu kaja, ndipo kakatsekeka ndi litsiro galimoto imafooka pansi, silo imagwedera, mwini wake n'kuyamba kusintha mapulagi ndi makoyilo osalakwa. Ngati galimoto yanu ya VVT-i yayamba ulesi ponyamuka, yambirani pamenepo ndi pa oyilo amene mukuthira.

Njira ina ndi ya mapaipi olowetsa mpweya. Paipi yaitali yopyapyala imathamangitsa mpweya ngakhale pa marevu otsika, yaifupi yotakata imakomera marevu okwera. Injini ya 4A-GE yoyambirira inali ndi T-VIS, imene inkatseka njira imodzi mwa ziwiri za silinda iliyonse mpaka marevu atakwera. Nzeru yomweyo ndiyo imatiuza kuti kuika kabureta yaikulu pa njinga yaing'ono ndi kudzilanga: mpweya umayenda mwaulesi, petulo sasweka bwino, ndipo pansi pamafa.

Mukapeza reed pa four-stroke, nthawi zambiri imakhala kwina. Njinga zambiri zamakono zili ndi kabokosi pamwamba pa injini kolowetsa mpweya woyera ku ekizozi kuti utsi wotsala upse. M'menemo muli kalilime ndithu, koma ntchito yake ndi ya utsi, sikakhudza pawa.

Zotchipa zimene zimaposa zonsezi

Mdala potumiza mnyamata uja kukagula sipuloketi sankamunyoza. Njinga yonyamula katundu m'tauni, mukaiika sipuloketi yakumbuyo yokulirapo ndi mano awiri kapena atatu, imanyamuka mopepuka ndipo kilatchi imapuma. Mumataya pang'ono liwiro la pamwamba, limene pa Kafue Road masana simulifikira n'komwe. Mukasintha sipuloketi sinthani ndi tcheni yomwe, chakale chimadya chatsopano.

Kenako sefa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la kuno limatseka siponji m'masiku ochepa. Sefa yotsekeka imapangitsa kabureta kuthira petulo wambiri, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za reed yotha. Yong'ambika ndiye yoipa koposa: fumbi limadya makona a timalilime, maring'i ndi mabering'i. Itsukeni, iume, muipake oyilo pang'ono n'kufinya.

Jeti nayo. Kabureta yoyezedwera m'mphepete mwa nyanja imathira petulo wochulukirapo kuno kumtunda, poti mpweya ndi wochepa koma jeti ndi yomweyo. Kutsitsa jeti ndi sitepe imodzi kapena kutsitsa singano kumatha kuyeretsa kakokedwe. Pa two-stroke chitani mosamala, pang'onopang'ono, mukuyang'ana mtundu wa pulagi: ikhale yofiirira ngati khofi wamkaka, osati yoyera. Ndipo mukadzatsikira ku Siavonga kapena ku chigwa cha Luangwa, kumene kuli kotsika, kumbukirani kuti mpweya wachuluka ndipo jeti yanu yaing'ono ija yatsala pang'ono kuperewera. Ekizozi ya two-stroke yodzaza mwaye nayo imapha mphamvu kuposa reed iliyonse yotha.

Majenereta ndi maboti

Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambirimbiri, timajenereta tating'ono ta two-stroke, tija ta 950, tinatuluka m'nyumba zambiri ndi m'mabarbershop. Timeneti tili ndi reed. Koma jenereta imazungulira pa marevu 3,000 osasintha kuti ipereke magetsi a 50 Hz, ndiye nkhani ya marevu otsika siikhudza, ndipo kugula timalilime tapamwamba n'kosathandiza. Pamene reed imaonekera ndi polilitsa. Mukakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, moto pa pulagi ulipo, petulo akufika, koma kabureta ikupumira kunja kankhungu ka petulo, tsegulani muone timalilime. Ma injini a maboti a Yamaha Enduro amene asodzi amagwiritsa ntchito ku Kariba ndi pa Kafue ndi nkhani ina: amenewo amayendadi nthawi yaitali pa marevu otsika, ndipo reed yosagona bwino imawazimitsa pa silo.

DT175 ija inabweradi Loweruka lotsatira. Mdala anatulutsa kabokosi, anakaloza kudzuwa, n'kundipatsa kuti nane ndione. Timalilime tachitsulo tinali titagona bwinobwino, mwina kuyambira tsiku limene njingayo inachoka ku fakitale. Chimene chinang'ambika ndi paipi ya labala yogwira kabureta, mng'alu wake unali pansi pomwe diso silifika, ndipo ekizozi inali yolemera ndi mwaye moti anachita kuiwotcha pamoto wa makala. Mnyamatayo anafunsabe ngati angaikemo ta carbon poti anali atalipira kale. Mdala anamuuza kuti atisunge m'thumba la zida, tidzamuthandiza tsiku limene tachitsuloto tidzatope.